Masiku anayi a ku Sapitwa: mmene tinayambira kuperekeza alendo m'phiri la Mulanje

Ndinayamba kukwera phiri la Mulanje ndili ndi zaka 17, nditasenza chikwama cha munthu wina. Malume anga, amene paunyamata wawo ankatsitsa matabwa a mkungudza pamutu kuchokera ku Chambe, ndiwo ananditengera ku ofesi ya zankhalango ya ku Likhubula, kumene anyamata onyamula katundu ankadikira alendo aliyense pa nthawi yake. Zaka zisanu ndi chimodzi ndinali wonyamula katundu, ndipo sukulu yanga inali kuyenda pambuyo pa akuluakulu, kumvetsera zimene ankanena akayang'ana mitambo, ndi kuloweza malo amene madzi saphwa ngakhale mu Okutobala. Chingerezi ndinachitola m'njira momwemo, mawu awiri lero, atatu mawa.

Bizinesi yathu inayamba mu 2014, ndipo mpamba wake unachokera kwa mayi a kunyumba. Iwo ankagulitsa nanazi ndi nthochi pa Chitakale, ndipo atalandira gawo lawo ku banki m'khonde anandipatsa ndalamazo kuti ndikagule matumba ogonamo anayi, majekete a mvula ndi mapoto awiri pa kaunjika ku Limbe. Mphwanga anatitsegulira tsamba pa Facebook, ine n'kumayankha mauthenga a pa WhatsApp madzulo. Cholinga chathu chinali chakuti mlendo asamavutike kufunafuna woperekeza payekha, chakudya payekha, onyamula katundu paokha, koma apangane ndi munthu mmodzi amene adzamulandire m'munsi mwa phiri ndi kumubweza pomwepo ali bwinobwino.

Ulendo umene anthu amatidziwa nawo ndi wa masiku anayi. Tsiku loyamba timanyamuka ku Likhubula m'mamawa kulowera ku Chambe. Amene ali ndi mphamvu timawadutsitsa njira ya Skyline, yomwe inatenga dzina ku chingwe chimene kale chinkatsitsira matabwa, ndipo ndi chitunda chokhachokha cha maola atatu kapena anayi. Ena timawadutsitsa njira ya Chapaluka, yotalikirapo koma yamthunzi, yodzera pafupi ndi Dziwe la Nkhalamba. Usiku umenewo timagona m'nyumba ya alendo ya ku Chambe, moyang'anana ndi thanthwe lalikulu la phirilo, ndipo mlonda wa nyumbayo amakhala atatikonzera nkhuni ndi madzi. Tsiku lachiwiri ndi lopepuka dala. Timayenda maola ochepa, kudutsa pamsana wopyapyala wa phiri pamene kumanja ndi kumanzere kuli zigwa zakuya, mpaka kukafika ku Chisepo dzuwa likadali pamutu, kuti miyendo ipume ndi thupi lizolowere mpweya wa kumtunda.

Chisepo ndi kanyumba kakang'ono ka m'tsinde mwa Sapitwa, pamtunda wa mamita opitirira 2,000, ndipo kwa ine ndi pamenepo pamene pagona ntchito yonse. Nsonga ya Sapitwa ili pa mamita 3,002, malo okwera kuposa ena onse m'Malawi muno, ndipo ukaima pakhomo pa Chisepo imaoneka ngati ili pafupi. Komatu kupita ndi kubwera kumadya maola asanu ndi limodzi mpaka asanu ndi atatu. Poyamba pali matanthwe otsetsereka amene munthu amakwera mokwawa, kenako miyala ikuluikulu yosanjikizana imene umadutsa pansi pake utavula chikwama, kutsatira madontho a penti yofiira. Kukakhala kouma, nsapato imagwira bwino pamwalapo. Kukangonyowa pang'ono, matanthwe omwewo amaterera ngati therere, ndipo choopsa kwambiri chimakhala potsika, pamene munthu watopa kale.

Chimene chimanyowetsa miyalayo ndi chiperoni, nkhungu ndi mvula yowaza zimene zimabwera ndi mphepo yochokera kum'mwera chakum'mawa, makamaka kuyambira Meyi mpaka Ogasiti. Dzinali linachokera ku phiri la Chiperone la ku Mozambique, mbali imene mitamboyo imatulukira. Miyezi imeneyi ndi yomwenso alendo amachuluka, ndipo chiperoni chikagwa chimatha kukhala masiku awiri kapena atatu osachoka, munthu osaona mnzake amene ali patsogolo pake. N'chifukwa chake ndimadzuka 4 koloko m'bandakucha, kutuluka panja ndi kuyang'ana ngati nyenyezi zikuoneka mbali ya ku Mozambique, kumva kumene mphepo ikuchokera, ndi kugwira thanthwe ndi dzanja. Ndikabwerera m'nyumba ndimakhala nditaganiza kale ngati tikwera kapena ayi, ndipo zimenezi sitikambirana.

Lamulo limeneli linatidyera ndalama chaka chathu chachiwiri. Ndinali ndi alendo asanu amene anatumizidwa ndi kampani ina ya mumzinda, ndipo m'mawa wa tsiku lachitatu kunacha kuli nkhungu yopyapyala imene munthu wosadziwa akanati ichoka dzuwa likatuluka. Ndinawauza kuti sitikwera. Mmodzi mwa iwo, bambo wachikulire amene anasunga ndalama nthawi yaitali kaamba ka ulendowu, anandiuza kuti analipira kuti akafike pansonga, ndipo ngati ndikuopa apita yekha. Ndinawayankha mwaulemu kuti, "Bambo, ngati mutuluka pakhomo pano ine ndikutsatani, chifukwa sindingakusiyeni, koma dziwani kuti mukhala mutaika pachiswe moyo wa anthu awiri." Anakhala pansi osandilankhulanso tsiku lonse. Pofika 10 koloko mvula inali itayamba, ndipo sinaleke mpaka tinatsika. Kampani ija sinatitumizirenso alendo, ndipo chaka chimenecho tinavutika kulipira ngongole.

Sindinanong'oneze bondo. Aliyense wa kuno amakumbukira mnyamata wa ku Brazil amene mu 2009 anapitirira yekha kukwera Sapitwa atasiya womuperekeza, ndipo anthu anamufunafuna masiku ambiri asanapeze thupi lake. Chimene ndinaphunzira pa nkhani ya bambo aja n'chakuti cholakwa chinali changa pa chinthu chimodzi: sindinawauze zimenezi asanalipire. Kuyambira pamenepo, uthenga woyamba umene mlendo amalandira kwa ife umanena poyera kuti tikulonjeza kumufikitsa ku Chisepo ndi kumutsitsa, koma za pansonga adzanena ndi woperekeza m'mawa wa tsikulo. Amene angathe timawalangiza kuwonjezera tsiku lachisanu loti tidikirire nyengo. Ena akawerenga zimenezi sayankhanso, ndipo ndimawalola apite.

Alendo ambiri amafunsa za dzina la Sapitwa, poti anamva kuti limatanthauza malo osapitako. Ndimawafotokozera zimene agogo anga ankatiuza, kuti m'phirimo muli mizimu ya makolo, ndipo munthu akapeza chakudya chokonzeka m'njira ayenera kudya yekha osaitana mnzake. Ine ndine wopemphera, koma sindilola mlendo kuseka nkhani zimenezi kapena kukuwa mwachipongwe tikakhala kumtunda, chifukwa anyamata amene asenza katundu wake anakulira m'midzi imene imalemekeza phirili. Mu 2025 bungwe la UNESCO linaika phiri la Mulanje pa mndandanda wa malo ofunika padziko lonse, ndipo chimene linayang'ana kwambiri ndi chikhalidwe chomwechi cha Amang'anja, Ayao ndi Alhomwe.

Za onyamula katundu ndimazitenga ndi mtima wonse, poti ndinachokera komweko. Ndinagonapo pakhonde mu Julaye, chisanu chitayera pa udzu, nditafunda chitenje chimodzi pamene alendo anali m'kati pamoto. Kwathu chikwama chilichonse chimayezedwa pa sikelo tisananyamuke, ndipo chikaposa makilogalamu 18 timachigawa, mlendo n'kulipira munthu wina wowonjezera. Aliyense amalandira thumba logonamo ndi jekete, amadya nsima yokwanira ndi ndiwo zomwezo zimene taphikira gulu lonse, ndipo malipiro ake amawalandira pa Airtel Money kapena Mpamba tsiku lomwe tatsika. Zimenezi zimachititsa kuti mtengo wathu ukhale wokwererapo. Atatu mwa anyamata amene anayamba nafe tsopano amaperekeza okha magulu, ndipo wina amathamanga nawo mpikisano wa Porters Race umene umachitika chaka ndi chaka kuyambira ku Likhubula.

Mu 2020, matenda a Covid-19 atatseka maulendo a ndege, tinakhala miyezi yambiri osaona mlendo ndi mmodzi yemwe, ndipo tinkadalira munda wa chinangwa ndi nandolo. Chimene chinatidzutsa ndi Amalawi anzathu. Achinyamata ogwira ntchito ku Blantyre ndi ku Lilongwe, magulu a kumpingo ndi ophunzira a ku Zomba anayamba kufunsa za maulendo a kumapeto kwa sabata, ndipo tinawakonzera mtengo wa m'makwacha wolipira pang'onopang'ono. Lero iwowa ndi amene amatigwira m'miyezi imene alendo akunja kulibe, ngakhale kuti kugwa kwa kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 kunakweza mtengo wa mpunga, mafuta ndi galimoto mwakuti tinakonzanso mitengo yathu yonse.

Chaka chomwecho cha 2023, mu Malichi, namondwe wa Freddy anagumula mbali zambiri za phirili. Akuluakulu amati napolo wadutsa, monga anachitira ku Phalombe mu 1991. Midzi ina inakwiririka ndi matope ndi miyala, ndipo ena mwa anyamata athu anataya abale ndi nyumba. Madzi ataphwa tinakwera tokha, popanda alendo, kukaona njira iliyonse, ndipo tinapeza kuti malo ena amene ndinawadziwa kuyambira ubwana asanduka zigwembe. Tinatha masabata angapo tikulambula ndi makasu ndi zikwanje limodzi ndi operekeza anzathu tisanavomere kulandiranso munthu.

Chimene chimandiwawa ndikamadutsa ku Chambe ndi zitsa za mkungudza. Mtengo umenewu ndi wa fuko lathu ndipo mwachilengedwe umamera m'phiri lino lokha, koma macheka ndi moto zaumaliza, mwakuti mlendo akandipempha kuti ndimuonetse waukulu ndimasowa kolozera. Malume anga anadyetsa ana awo ndi matabwa amenewo, choncho sindiweruza munthu mopupuluma. Komabe m'gulu lathu sitigula kapena kugulitsa kanthu kalikonse kosemedwa ndi mkungudza, ndipo nyengo ya mvula, pamene maulendo a ku Sapitwa timawaimitsa, anyamata athu amagwira nawo ntchito yosenza mbande kupita nazo kumtunda, kumene bungwe la Mulanje Mountain Conservation Trust ndi a zankhalango akhala akubzala.

Tsopano tili ndi matumba ogonamo 22, ndipo mayi a kunyumba anasiya za nanazi kuti aziyang'anira zogula ndi mabuku a ndalama. Mwana wathu wamkazi woyamba wakwera nane kawiri mpaka ku Chisepo, ndipo ulendo wachiwiri ndinamudzutsa 4 koloko kuti atuluke nane panja. Anagwira thanthwe, anayang'ana kum'mawa, n'kundiuza kuti kukhala bwino mpaka masana. Tinanyamuka ndi matochi, ndipo pofika 9 koloko tinali pansonga tikuona nyanja ya Chilwa.