Zikomo kwa onse amene munandithandiza kupanga jamu dzanja langa lili m'chikhakha

Ndalemba mawu awa pofuna kuthokoza anthu amene mwandisamala kuyambira tsiku limene ndinaterereka pamasitepe n'kuthyoka dzanja lamanja kumapeto kwa Ogasiti, kufikira Loweruka lapitali pamene tinatseka botolo lomaliza la jamu m'khitchini mwanga kuno ku Nottingham, ku England. Ena munabwera kudzandizonda, ena munandiphikira, ena munkaperekeza ana anga kusukulu, ndipo zonsezi ndazisunga mumtima. Lero ndikufuna kunena makamaka za mtengo umene uli kuseri kwa nyumba yathu, chifukwa ntchito ya mtengo umenewu ndi imene inandichotsa pampando umene ndinakhalapo masabata angapo ndili wosweka mtima.

Mtengowu umabala timaapozi ting'onoting'ono timene kuno amati crab apple. Kukula kwake timaposa masau pang'ono, ndipo n'towawasa kwambiri moti ukaluma kamodzi mano amayayamira. Kwa zaka zinayi ndinkangosesa tikagwa n'kukataya, poganiza kuti ndi zipatso za mbalame. Chaka chino mtengo unabala mpaka nthambi kuwerama, ndipo ndili pawindo ndi chikhakha changa ndinkaona zipatso zikugwa, mavu akuzizungulira.

Oyamba kuwathokoza ndi agogo a nyumba yoyandikana ndi yathu, mayi wachingelezi wa zaka zoposa 80, amene tsiku lina anaima pampanda n'kundifunsa ngati ndikudziwa chimene ndikutaya. Anandiuza kuti mtengowu ndi wamtundu wa John Downie, umene anthu kuno amautama kuti umatulutsa jamu wabwino, wa mtundu wosefa uja amati jelly, wopanda zidutswa za chipatso. Nditawaonetsa dzanja langa, anangoti ndiitane anzanga, iwo adzatiphunzitsa. Agogo, munakhala nafe masiku awiri athunthu ngakhale kuti miyendo imakuvutani, ndipo simunatope ndi mafunso athu.

Alamu anga, inu munabwera ndi makwerero m'mawa mutangoweruka ku ntchito ya usiku, maso ali ofiira ndi tulo, n'kuthyola zipatso zokwana makilogalamu 14. Za kunsonga munazisiya monga agogo anapemphera, kuti mbalame zidzapeze chakudya nyengo yozizira ikafika.

Amayi atatu a kumpingo kwathu ndiwo anagwira ntchito yaikulu. Anatsuka zipatso, kuchotsa zovunda ndi zoboola tizilombo, n'kudula chilichonse pakati osasenda komanso osachotsa njere. Poyamba zinatidabwitsa, koma agogo anafotokoza kuti m'makoko ndi m'kati mozungulira njere ndimo muli pekitini wambiri, amene pamodzi ndi kuwawasa kwa chipatsocho amachititsa jamu kugwira popanda kuthiramo china chilichonse kupatula shuga. Tinaziika m'mapoto awiri aakulu, madzi ongofika pamwamba pa zipatso, n'kuziphika pamoto wochepa kufikira zitafewa ngati phala.

Chimene sindidzaiwala ndi kusefa. Tinatembenuza mpando miyendo m'mwamba, tinamangirira nsalu yopyapyala yoyera kumiyendo inayiyo, beseni pansi, n'kuthiramo phala lija kuti lidonthe lokha usiku wonse. Mmodzi wa amayiwo anatambasula manja kuti afinye nsaluyo, monga tonse tinazolowera kwathu posefa madzi a malambe kapena a bwemba, koma agogo anawagwira pamkono mwaulemu n'kunena kuti ukafinya jamu amatuluka wa mbuu. Usiku umenewo dzanja linandiwawa ndipo tulo sindinatione, choncho ndinatsikira kukhitchini n'kukhala pafupi ndi mpando uja, kumvetsera madontho akugwera m'beseni limodzilimodzi. Pofika m'mawa munali madzi ofiirira, oyera moti pansi pa beseni pankaoneka.

Tsiku lachiwiri tinayeza shuga: magalamu 450 pa mamililita 600 aliwonse a madziwo. Shuga amayenera kusungunuka kaye pamoto wochepa, kenako n'kukoleza moto kuti zibwate kwambiri kufikira kutentha kutafika pafupifupi madigiri 105, uku ukuyengula thovu pamwamba. Agogo sadalira choyezera chokha. Amaika mbale yaing'ono mufiriji, n'kudonthezerapo jamu pang'ono, ndipo akakankha ndi chala n'kuona makwinya amadziwa kuti wapsa. Poto woyamba tinauphula msanga chifukwa cha mantha akuti upserera, ndipo jamu wake anakhala wamadzimadzi. Achemwali amene munabweranso madzulo mutachoka ku ntchito kudzauwiritsa kachiwiri, zikomo kwambiri, chifukwa ine ndinali nditataya kale mtima ndi poto umenewo.

Ndikuthokozanso nonse a pagulu lathu la WhatsApp amene munasonkhanitsa mabotolo. Tinawatsuka ndi madzi otentha a sopo, kuwaumitsa mu uvuni kuti majeremusi afe, n'kuthiramo jamu onse akadali otentha. Mwana wanga wamkazi ndiye analemba tsiku pabotolo lililonse, popeza ine cholembera sindinayambe kuchigwira bwino. Atatuluka mabotolo 29 tinawandandalika pawindo, ndipo dzuwa litawomba anawala mofiira mpaka tonse tinakhala chete kwa kanthawi. Ntchito yanga ndi dzanja lamanzere inali yochepa, kutakasa ndi mthiko ndi kuyang'anira mbale ya mufiriji, koma kanali koyamba chichitikire ngoziyi kumva kuti ndine wofunika m'khitchini mwanga.

Chikhakha achichotsa posachedwapa, ndipo tsopano ndikuchita mafizo kuti zala ziyambenso kupinda bwino. Aliyense amene anathandiza ali ndi botolo lake, ndipo ndidzabwera nawo kutchalitchi Lamulungu likudzali. A agogo ndawapatsa kale atatu. Musunge pamalo ozizira, posafika dzuwa, ndipo akhoza kukhala pafupifupi chaka osawonongeka, koma mukatsegula muziika mufiriji. Amakoma pabuledi, pasikono, ngakhalenso pambali pa nyama yowotcha monga amadyera eni dziko kuno. Mukamaliza mundibwezere mabotolowo, chifukwa agogo anena kale kuti chaka chamawa adzangokhala pampando n'kumationerera tikupanga tokha.