Sabata ya chifunga ndi fumbi pa munda wa sola ku Abu Dhabi

Lamulungu madzulo amalume anga anandiimbira foni kuchokera ku Salima, ndipo titalonjerana ndi kukambirana za mvula ndi mmene chimanga chikukulira, anabwereza funso limene akhala akundifunsa chibwerereni ine kuno. Anati: "Mphwanga, dziko limenelo timamva kuti lakhala pamwamba pa mafuta, nanga magetsi a dzuwa mukuvutikiranji nawo?" Foni inaduka ndisanawayankhe bwino, koma funso lawolo ndinayenda nalo sabata yonse.

Ndimagwira ntchito yokonza zamagetsi pa munda waukulu wa sola m'chipululu cha Abu Dhabi, m'dziko la United Arab Emirates. Timautcha munda chifukwa mapanelo ake anandanda m'mizere ngati mbewu, ndipo munthu ukaima pakati sungaone pamene mizereyo yathera.

Lolemba tinanyamuka mbandakucha m'kati mwa chifunga chochindikala, chimene chimagwa kawirikawiri mu February, ndipo basi yathu inkayenda ngati ikulondola maliro. Anthu ambiri amaganiza kuti m'chipululu mulibe chinyezi, koma chinyezi chochokera kunyanja ndicho chimatisautsa kwambiri miyezi yozizira. Fumbi louma silivuta, chifukwa maloboti okhala ndi maburashi amayenda pamwamba pa mizere usiku n'kulisesa popanda madzi. Likanyowa ndi mame, fumbilo limasanduka thope lopyapyala, kenaka dzuwa likatuluka limaumira pa galasi ngati phala lotsalira m'mbale, ndipo burashi ikadutsapo imangolipaka m'malo molichotsa. Tinaimitsa maloboti a m'chigawo chathu, ndipo ine ndi mnzanga wa ku Philippines tinathera m'mawa wonse tikuyerekeza mphamvu yochokera ku mapanelo otsukidwa ndi ya mapanelo osatsukidwa, kuti akuluakulu aone ngati kunali koyenera kuitanitsa galimoto ya madzi. Madzi otsukirawo ndi a m'nyanja amene anawachotsa mchere, choncho dontho lililonse linadya kale magetsi lisanafike pa galasi, ndipo sitiwataya mwachisawawa.

Lachiwiri inverter imodzi inazima cha m'ma 11 koloko, nthawi imene dzuwa limapereka mphamvu zambiri. Makina amenewa ndi amene amatembenuza magetsi ochokera ku mapanelo kuti akhale a mtundu woyenda m'mawaya a dziko, ndipo akatentha mopitirira muyeso amadzizimitsa okha. Ndinapitako ndi bambo wina wachikulire wa ku Kerala, amene anagwira ntchito zaka zambiri pa makina opanga magetsi ndi gasi asanabwere ku sola. Tinatseka maswichi ndi maloko athu, aliyense loko yake, n'kuyeza mawaya kawiri tisanakhudze kanthu. Choopsa cha sola n'chakuti panelo silizimitsidwa dzuwa likuwala, ndipo mawaya ochokera ku mizere amakhala ndi mphamvu yoposa mavoti 1,000 ngakhale inverter itazima. Tinapeza kuti zosefera mpweya zinali zitatsekeka ndi mchenga wosalala ngati ufa. Nditayang'ana m'buku, ndinaona kuti ndine amene ndinayenera kuzisintha mwezi wapitawo, ndipo ndinazengereza chifukwa tsiku limenelo tinali ndi vuto lina. Ndinakauza woyang'anira wathu zimenezi ndisanalembe lipoti. Bambo wa ku Kerala uja sanandidzudzule, anangondionetsa mmene iye amaunikira chosefera pa dzuwa kuti aone ngati kuwala kukudutsa. Maola awiri a magetsi amene tinataya anandipweteka mumtima, chifukwa ndikudziwa kufunika kwa maola awiri a magetsi kwa munthu wa chigayo kwathu.

Yankho la amalume ndinalipeza Lachitatu, pa nthawi ya nkhomaliro, kwa mayi wachitsikana wa kuno amene ndi injiniya ndipo amabwera kudzaona ziwerengero zathu. Ndinawafotokozera funsolo, ndipo anayamba ndi kundikonza pa mfundo imodzi, yakuti magetsi a dziko lino sankachokera kwenikweni ku mafuta, koma ku gasi. Mizinda itakula, ndipo nyumba iliyonse ikufuna makina oziziritsa mpweya m'chilimwe chimene kutentha kumapitirira madigiri 45, gasi wopezeka mosavuta anayamba kuperewera, moti kuyambira 2007 dzikoli lakhala likugula gasi ku Qatar kudzera m'paipi ya Dolphin yodutsa pansi pa nyanja. Dziko logulitsa mafuta padziko lonse linapezeka likudalira mnansi kuti liyatse nyale zake, ndipo atsogoleri ake sanafune kuti zipitirire choncho.

Apa m'pamene Barakah, malo opangira magetsi a nyukiliya, inayambira. Mu 2009 boma linapereka ntchito yomanga malo opangira magetsi a nyukiliya kwa makampani a ku South Korea otsogozedwa ndi KEPCO, m'mphepete mwa nyanja m'chigawo cha Al Dhafra. Anamanga makina anayi a mtundu wa APR-1400, aliwonse opereka mamegawati 1,400. Oyamba anayatsidwa mu 2020, ndipo achinayi anayamba kugulitsa magetsi mu September 2024. Onse pamodzi amapereka pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi a magetsi a dziko lonse. Pamene ankafotokoza, ine ndinkawerengera chamumtima kuti makina amodzi okhawo amaposa kawiri magetsi onse amene Malawi angapange. Ndinakumbukiranso kuti 2009 ndi chaka chimene mgodi wa uraniyamu wa Kayelekera unatsegulidwa ku Karonga, ife tikukumba mwalawo n'kuutumiza kunja, anzathu akusaina zomanga ng'anjo yake. Dziko la United Arab Emirates linalonjeza kuti silidzayenga lokha uraniyamu, ndipo limagula wokonzedwa kale kunja, n'cholinga choti mayiko ena asakayike kuti mwina likufuna zida zankhondo.

Chimene chinandigwira mtima kwambiri ndi nkhani ya madzi, imene sindinaiganizirepo mozama ngakhale ndimamwa madziwo tsiku ndi tsiku. Kuno kulibe mtsinje woyenda chaka chonse, ndipo madzi akumwa ambiri amachokera m'nyanja. Kwa zaka zambiri, makina otentha gasi ankagwira ntchito ziwiri nthawi imodzi, kupanga magetsi ndi kuwiritsa madzi a m'nyanja ndi kutentha kotsalako kuti mchere utsale. Njira imeneyi imamangirira madzi ku gasi. M'miyezi yozizira anthu safuna magetsi ambiri, Barakah imapereka mphamvu yake usana ndi usiku mosasintha, ife a sola timathira yathu masana, komabe makina a gasi sangazimitsidwe chifukwa anthu ayenera kumwa ndi kusamba. N'chifukwa chake akumanga malo atsopano osefa madzi a m'nyanja powakankha mwamphamvu ndi mapampu a magetsi, monga a ku Taweelah, amene amatha kutulutsa malita oposa 900 miliyoni patsiku. Mayiwo anati munda wathu ndi malo osefera madziwo ndi ntchito imodzi, chifukwa popanda kumasula madzi ku gasi, dzuwa lathu likhoza kumasowa kolowera masana. Kuyambira tsiku limenelo ndikuiona ntchito yanga mosiyana.

Lachinayi kunaomba mphepo ya kumpoto imene anthu a kuno amaitcha shamal. Mizere ya mapanelo, imene imatembenuka kutsatira dzuwa, inadzikhazika pamalo otetezeka, ndipo ife tinakhala m'chipinda cha makompyuta tikuona mchenga ukudutsa pa zenera ngati utsi wa lupsa. Nthawi yodikirayo inandipatsa mpata woganizira mbali ina ya nkhaniyi, imene sindingawabisire amalume. Dziko lino silinasiye mafuta. Linalengeza mu 2021 kuti likufuna kuti pofika 2050 mpweya woipa umene limatulutsa uzifanana ndi umene limachotsa, linachititsa msonkhano wa zanyengo wa COP28 ku Dubai mu 2023, koma kampani yake ya mafuta ya ADNOC ikukulitsa mphamvu zake kuti izitha kupopa migolo 5 miliyoni patsiku pofika 2027. Amene anatsogolera msonkhano uja, Sultan Al Jaber, ndi mkulu wa ADNOC yemweyo, komanso ndi wapampando wa Masdar, kampani ya mphamvu zongowonjezereka imene inakhazikitsidwa mu 2006. Zimenezi zimandivutitsa, chifukwa mafuta ogulitsidwawo akakatenthedwa kwina, mpweya wake umasokoneza nyengo ya tonse, ndipo ine ndikukumbukira mmene namondwe Ana anaonongera malo opangira magetsi a Kapichira mu January 2022 n'kusiya dziko lathu mumdima kwa miyezi yambiri. Komabe sindingagwirizane ndi amene amati zonsezi ndi chiphamaso. Mapanelo oposa 3 miliyoni a munda wa sola wa Noor Abu Dhabi ku Sweihan alipodi, mamegawati 2,000 a munda wa Al Dhafra alipodi, ndipo gasi amene sanatenthedwe chifukwa cha iwo ndi weniweni. Chimene ndimaona n'chakuti eni dziko akugwiritsa ntchito ndalama za mafuta, pamene zikadalipo, kumanga zimene zidzawasunge mafutawo akadzasiya kufunika.

Lachisanu timaweruka masana kuti anzathu achisilamu apite ku mapemphero. Mphepo inali itasiya mchenga m'njanji za maloboti, ndipo tinayenda mzere ndi mzere ndi mafosholo ndi masache, tikumasula amene anatitimira. Ndinasintha zosefera za ma inverter ena atatu tsiku lake lisanakwane, n'kulemba m'buku. Madzulo ndinaimbira amalume, ndipo ndinayamba ndi paipi ya gasi ya ku Qatar, kenaka nkhani ya madzi. Anamvetsera mpaka kumapeto, kenaka anati iwo amadutsa pafupi ndi munda wa sola wa mamegawati 60 wa kwathu ku Salima akamapita kumsika, ndipo anafuna kudziwa ngati nawonso umavutika ndi fumbi la mu October ngati wathu. Ndinawauza kuti akadzadutsakonso m'chilimwe ayang'ane mtundu wa galasi, ngati ndi wakuda bii kapena wotuwa, adzandiuze.