Loweruka: lero mphwanga waphunzira kuima

Ndikulemba izi usiku, nsana ukuwawa, khosi lapsa ndi dzuwa. Okutobala wa kuno ku Mangochi mukumudziwa, ngakhale ma 9 usiku mphepo yochokera ku Shire imangokhala ngati yadutsa pa mbaula. Koma ndati ndisagone ndisanalembe za lero, mawa ndiiwala zina.

Ndinadzuka kumzikiti atangoitana swala ya m'mawa, nkupita kukagogoda kwa chemwali anga kuti mnyamata uja adzuke. Mphwangayu ali ndi zaka 19. Akulu ake ali ku Joni, ndiye anatumiza ndalama kuti agule njinga yamoto aziyendetsa kabaza, pakhomo pazipezeka ya ndiwo. Lifo yofiira, yafika masabata 3 apitawo. Kuyendetsa anaphunzira masana amodzi okha, mnzake wa pa siteji anangomulozera kuti iyi kilatchi, iyi giya, moto umakoka uku, tiye. Basi sukulu yathera pompo, mawa lake munthu wanyamula kale pasenjala mpaka kwa Mpondasi. Chemwali anga anandiuza mosabisa kuti achimwene, mwanayu ndi wanu, chikamuonekera chinthu pa njingapo ine ndidzafunsa inu. Mawu amenewa akhala akundisowetsa tulo.

Ndiye nditamva kuti kuli bambo wina amaphunzitsa anyamata a kabaza Loweruka lililonse pa galaundi ina kuseri kwa Boma, ndinati tipita, ufune usafune. Iye amati amalume ine ndimatha kale. Ndinati chabwino, ukawaonetse kuthako.

Tinapeza anyamata 7 okha, ndi mayi mmodzi wa zaumoyo yemwe kuntchito kwawo amupatsa njinga yoyendera m'midzi. Tauni yonseyi mmene njinga zadzadziramu, 7 basi. Poyamba zinandinyansa koma kenako ndinamvetsa, ambiri njinga si zawo, mwini wake amafuna ndalama yake madzulo aliwonse, ndiye munthu kusiya siteji tsiku la Loweruka pomwe anthu ali pikitipikiti kumsika ndi kumaukwati, ndalama ya abwana aitenga kuti? Vuto limeneli sindikudziwa kuti lidzatha bwanji, koma eni njinga akanamaganizako.

Aphunzitsiwo ndi bambo wa imvi, amatsimphina pang'ono mwendo wakumanzere. Akuti anayenda pa njinga zaka zambiri ali mlangizi kumidzi ya ku Namwera ndi Makanjira, kenako nkukaphunzira zophunzitsa anzawo. Anyamata amangowaitana kuti madala. Alibe makoni aja ofiira, anabwera ndi thumba la mabotolo a Sobo odzadza mchenga.

Chinthu choyamba anati aliyense azimitse njinga, makiyi m'thumba. Ola lathunthu palibe analiza injini. Anayenda njinga imodziimodzi, kudina matayala, kugwedeza tcheni ndi chala, kufinya mabuleki. Njinga 3 buleki yakutsogolo inalibe ntchito, ina waya wake anachita kumasuliratu dala. Mwini wake anati madala imeneyo imagwetsa, ife timagwiritsa yakumbuyo. Ndipo anyamata onse anavomereza, mphwanga naye mutu gwedegwede.

Madala sanakalipe. Anangoti tiona pompano.

Kenako zipewa. Mmodzi anabwera ndi chipewa cha pakontilakiti chachikasu chija, anamuuza kuti icho ncha njerwa yogwa kuchokera kumwamba, osati cha mutu womenya tala, sichiphimba chibwano ngakhale nkhongo. Mphwanga anali ndi helemeti yeniyeni koma lamba ali lendelende. Madala anangomuzungulira kumbuyo nkuimenya ndi chikhatho kamodzi, phaa, helemeti inagubuduzika mpaka pa golo. Anthu kuseka. Iwo osaseka, anati ukamagwa chipewa chosamanga chimayamba ndicho kuchoka, mutu umafika pansi uli wokha. Anamumangitsa lamba mpaka pakati pa lamba ndi chibwano pangolowa zala ziwiri. Wina kumbuyo anati aaa madala, ngati zinalembedwa zinalembedwa basi. Anamuyang'ana nthawi yaitali nkumuuza kuti mwana wanga, Mulungu anakupatsa mutu umodzi ndi manja awiri, ukufuna lambayo adzakumangirenso yekha?

Gawo lomwe landikhudza kwambiri ndi la mabuleki, ndipo apa mpomwe tinathera pafupifupi m'mawa wonse. Anapita nawo mbali ya galaundi komwe dothi ndi louma gwaa, anaika botolo, nkuti ukafika apa uime. Ulendo woyamba buleki yakumbuyo yokha. Njinga iliyonse tayala lakumbuyo linkangokhukhuluzika, fumbi koboo, kumbuyo kukupita uku ndi uku, munthu kukaima kutali. Madala nkumaika mwala pomwe aliyense waimira. Ulendo wachiwiri anati tsopano mabuleki onse awiri. Anafotokoza kuti ukamanga buleki kulemera konse, kwa iwe ndi kwa njinga, kumathamangira kutsogolo, ndiye tayala lakutsogolo ndi lomwe limaluma pansi pomwe lakumbuyo limapepuka, nchifukwa chake mphamvu yambiri yoimitsa njinga ili pa dzanja lamanja osati kuphazi. Chomwe chimagwetsa anthu si buleki, ndi kuikoka mwadzidzidzi. Anati uyambe ngati ukutofya papaya pamsika kuona ngati wapsa, kenako uzionjezera, uzionjezera, njinga ili chilili, maso kutsogolo osati pa tayala. Anabwereza mwina ka 15 aliyense. Pomaliza mphwanga ankaima kutali ndithu asanafike pa mwala wake woyamba uja. Anatsika nkukayesa yekha ndi mapazi, kubwerera akupukusa mutu, amalume mwaona?

Ndinaona. Masabata 3 onsewa wakhala akunyamula ana a eni ake asakudziwa kuimitsa njinga. Ndipo si iye yekha.

Kenako madala anatiuza tonse, ndi ife oonerera omwe, kuti tiyende nawo mapazi akuluakulu 17. Tinayenda. Anati tembenukani muone komwe mwachokera. Njinga ikamathamanga 60, pa sekondi imodzi yokha imadutsa mamita pafupifupi 17, ndiye mbuzi ikatulukira kapena mwana akadumpha mumsewu pa Namiasi apo, iwe pomwe ukuti hii, dzanja lisanafike nkomwe pa buleki, wadutsa kale mtunda wonsewu. Ndipo liwiro ukaliwirikiza kawiri, kuchoka pa 30 kufika pa 60, mtunda womangira buleki suwirikiza kawiri ayi, umawirikiza kanayi. Mayi wa zaumoyo uja analemba zimenezi m'kope. Anyamata anangoti zii.

Cha m'ma 11 tinapuma pansi pa mtengo wa mango, ndinagulira anthu mafilizesi ndi zitumbuwa. Mpomwe madala anakwinya buluku nkutionetsa mwendo uja, chipsera kuchokera pa bondo mpaka pa kakolo. Anati zinachitika akutsika Chowe kuchokera ku Namwera ali mnyamata, anaika njinga pa fili kuti asunge mafuta, mabuleki anatentha pamtsetse, pofika pa khona njinga inakana kumvera. Ndiye anawauza anyamata kuti potsika phiri ngati lija njinga izikhala mu giya yaing'ono injini izithandiza kugwira, zozimitsa injini kapena kuika pa fili pofuna kupulumutsa petulo ndi kugulitsa mwendo pa mtengo wa theka la lita. Anyamata awiri omwe amayenda ya ku Chiponde anayang'anizana, zikuoneka kuti amachita zomwezo.

Titabwerera anawalowetsa mumchenga, pakuti kuno ukangosiya tala wa M3 kapena wa ku Monkey Bay, njira zambiri zolowera kumidzi ndi kumadoko ndi mchenga wokhawokha. Apa malamulo amasintha, buleki yakutsogolo uisamale kwambiri, moto usauchotse mwadzidzidzi, manja afewe, uyang'ane komwe ukufuna kupita. Mpomwe mphwanga anagwera. Anakhota, tayala lakutsogolo linamira, iye ndi mantha nkukoka buleki ija waiphunzira kumeneyi handulo ili yokhota, khuu pansi. Ine mtima unachita kudumpha, ndinathamanga osadziwa kuti ndathamanga. Chigongono chasupuka, chogwirira kilatchi chathyoka kunsonga, helemeti mbali yakumanzere yadzadza mchenga koma ili pamutu pomwepo. Madala anamudzutsa, kumupukuta, nkumufunsa kuti unayang'ana kuti? Iye anati pansi. Anati ndiye wapita komwe unayang'anako, kwera ubwerezenso. Ine ndinafuna kunena kuti apume kaye koma ndinadzigwira. Anabwereza, anadutsa bwinobwino.

Chomaliza chinali cha lole. Panali lole ina inabweretsa njerwa pafupi, madala anakapempha adalaivala kuti anyamata akwere mmodzimmodzi pampando wawo. Anaimika njinga kumanzere kwa loleyo pafupi ndi chitseko, nkumafunsa aliyense kuti ukuiona? Pa galasi palibe, pa windo palibe. Njinga yonse ndi munthu wake yasowa. Anati pamenepo mpomwe mumakonda kulowa pa raundabauti ya pa wotchi paja mukamathamangira kukwera buliji, dalaivala sakukudani, sakukuonani. Ngati iwe sukuona nkhope yake pa galasi lake, iyenso sakukuona. Nyali iziyaka ngakhale masana, ndipo musanakhote muzitembenuza khosi, galasi lokha silikwanira.

Za apasenjala ananena mwachidule chifukwa nthawi inatha: mmodzi basi, naye avale chipewa, mayi akakwera umuuze apinde chitenje chisalendewere ku tcheni ndi masipoko, mwendo atalikitse ku ekizozi. Dengu la usipa limangidwe pakati osati kupendekera mbali imodzi. Anakumbutsanso kuti zomwe akuphunzitsazi si layisensi, layisensi ikatengedwe ku Road Traffic, A1 ya njinga zosapitirira 125cc, zoposera apo ndi A, ndipo njinga ilembetsedwe ikhale ndi nambala ndi inshulansi. Apa anyamata anayamba kudandaula za mitengo, phokoso ndithu, madala anangomvetsera, sanawatsutse.

Pobwerera ndinakwera kumbuyo kwa mphwanga, atandibwereka helemeti ya mnzake. Ndinkamva mmene akumangira buleki, mofewa, osati zondigunditsa pamsana pake ngati m'mawa. Pofika polowera mu tala anaima, phazi pansi, kumanja, kumanzere, kumanjanso. Anzake awiri anatidutsa akuliza hutala, wina nkukuwa kuti iwe wakalamba liti? Ndinamva thupi lake likuuma, dzanja likufuna kukoka moto. Ndinangomugwira paphewa. Sanawathamangitse.

Chimenechi ndiye chikundidetsa nkhawa usiku uno, pa galaundi anali ndi madala, koma Lolemba abwerera pa siteji pomwe wothamanga ndiye amatengedwa dolo.

Chemwali anga ataona chigongono anayamba kulira, ndinachita kuwakhazika pansi nkuwafotokozera zonse, mpaka ndinawayendetsa mapazi 17 aja pabwalo. Akulu ake ku Joni ndawatumizira voisi pa WhatsApp kuti atumizeko ya helemeti yachiwiri ya pasenjala, ya layisensi tithandizana, ayankha kuti kumapeto kwa mwezi. Mawa ndipita naye kumsika tikagule chogwirira kilatchi. Madala anati Loweruka likubwerali ndi za kuyenda usiku ndi kunyamula munthu pa makhona, ndipo aliyense abwere ndi mnzake mmodzi wa pa siteji. Mphwanga akuti ayesa kumunyengerera uja anamuphunzitsa masana amodzi uja.