Mbiri ya Moyo Wanga, Gawo 14: Chaka Chimene Mitengo ya Nyumba Inasokonekera ku Mulanje

Gawo lapita lija ndinalekezera pamene ndinasiya kugwira njerwa ndi matope, n'kuyamba ntchito yoyendera nyumba zogulitsa m'malo mwa ofuna kugula, makamaka abale athu a ku Joni amene ndalama amatumiza koma maso kuno alibe. Lero ndafika pa 2023. Pa ntchito yangayi chaka chimenechi ndiye malire, chifukwa kaonedwe ka nyumba ndi kawerengedwe ka mtengo komwe ndimatsata lero kanabadwa m'miyezi imeneyo.

Zinatigwera ziwiri. Mu Malichi, namondwe wa Freddy anagumula mapiri, madzi n'kutsika ndi miyala ndi mitengo, kukokolola midzi ku Mulanje, Phalombe, Chiradzulu, Thyolo ndi Blantyre. Tisanapukute misozi, mu Novembala kwacha inagwa ndi 44 peresenti, pomwe inali itagwa kale ndi 25 peresenti mu Meyi 2022. Dola imene mabanki ankagulitsa pafupifupi K1,180 tinadzuka ili pa K1,700. Freddy anasintha malo amene anthu amafuna kukhalako, kugwa kwa kwacha n'kusokoneza mtengo wa malo omwewo.

Kale mtengo unkachokera kwa aneba. Nyumba ya zipinda zitatu pa Chitakale ikapita pa ndalama zakuti, inu mumawonjezerapo pang'ono chifukwa yanu ili ndi mpanda, nkhani n'kuthera pomwepo. Masiku ano mtengo wa miyezi 6 yapitayo sungakuthandizeni. Ine ndimayamba ndi funso lina: nditati ndimange nyumba yomweyi sabata ino, ingandidye zingati? Ndimatenga tepi ndi kope n'kuyeza makoma onse. Khoma la njerwa ziwiri limadya njerwa zoposa 100 pa sikweya mita imodzi, la njerwa imodzi theka lake. Thumba la simenti la makilogalamu 50, mukasakaniza muyezo umodzi wa simenti ndi miyezo 5 ya mchenga, limapulasitala pafupifupi masikweya mita 10. Malata ndimawerenga limodzilimodzi ndi kutalika kwake, kenako mafelemu a zitseko ndi mawindo, mitengo ya denga, waya wa magetsi, mapaipi. Mitengo ya zonsezi ndimakafunsa kuhadiweya tsiku lomwelo. Ndikawonjezera ya amisiri ndi ya malo, ndimachotsa ya zonse zofunika kukonza. Chotsalacho ndiye poyambira kukambirana.

Poyambira chabe, chifukwa ogula ndi ochepa. Mu Febuluwale 2024 banki yaikulu ya dziko lino inakweza chiwongoladzanja chake kufika pa 26 peresenti, ndipo mabanki enawa ankabwereketsa pamwamba pa pamenepo. Ngongole yotere lendi ya ku Mulanje singaibweze, komanso banki imafuna nyumba ya mapepala okwanira, pamene nyumba zambiri kuno zili pa malo a mfumu. Ndiye ogula enieni ndi a ndalama kumanja: a ku Joni, opuma ntchito amene angolandira za penshoni, a bizinesi a ku Limbuli ndi pa Muloza. N'chifukwa chake mumaona nyumba yolembedwa kuti ikugulitsidwa mpaka penti ya chikwangwanicho kusuluka. Mtengo umene mwini wake akutchula ndi umene adzalandire zimatalikirana, ndipo nyengo imalowererapo. Januwale ndi Febuluwale, njala ndi fizi zikapana, ogulitsa amafewa. Anthu akakolola, komanso mu Disembala a ku Joni akabwera kudzadya Khirisimasi, mitengo imauma.

Wogulira kuti aikemo alendi awerengenso motere: mtengo wa nyumba augawe ndi lendi ya chaka chathunthu. Yankho lake ndi zaka zimene ndalama yake ibwerere, osawerengera miyezi imene nyumba ikhale yopanda munthu ndi zokonzakonza. Zakazo zikachuluka kwambiri, ndiye kuti akugula pobisa ndalama kuti isasungunuke, osati bizinesi. Zimenezo si zolakwika, bola azidziwe asanalipire.

Chimene chinaliza ogulitsa ambiri mu 2023 ndi kulipirana pang'onopang'ono. Tiyerekeze kuti munagwirizana K20 miliyoni mu Okutobala 2023, theka pompo, theka pakatha miyezi ingapo. K10 miliyoni yotsalayo tsiku la mgwirizano inali madola pafupifupi 8,500. Pofika kumapeto kwa Novembala inali yosakwana madola 5,900. Wogula sanabe chilichonse, walipira ndendende zimene analemba, koma malata, zitsulo ndi penti zimatsata dola, ndipo wogulitsa uja nyumba yonga yomwe wagulitsayo sangaimangenso. Choncho kwa wogulitsa ndimanena mosapsatira: musagulitse musanadziwe kumene ndalamayo ikupita. Ngati mukukamanga kwina, puloti ikhale itapezeka, mndandanda wa zipangizo uli m'thumba, ndalama ikangolowa malata ndi zitsulo mugule sabata yomweyo. Simenti yokha musaunjike. Ndi chinyezi cha kuno, makamaka nthawi ya chiperoni, imayamba kuundana miyezi itatu isanathe. Mukaigula isanjeni pa matabwa, kutali ndi khoma, osapitirira matumba 10 pa mulu. Wogula akaumirira zolipira kawiri, mpata wake ukhale wa masabata, tsiku lomaliza lilembedwe, chochitika tsikulo likadutsa chilembedwenso, ndipo makiyi ndi mapepala zikhale kwa inu mpaka tambala yomaliza.

Kwa wogula, nkhani yaikulu ndi dothi limene nyumbayo yakhalapo. Pa kalembera wa 2018, Mulanje inali ndi anthu oposa 680,000, Thyolo oposa 720,000, ndipo malo aakulu achonde ali pansi pa tiyi. Malo akachepa chonchi, kachidutswa kalikonse kamakhala ndi maso ambiri okayang'ana. Kuno kwa Alhomwe ndi Amang'anja mwamuna amakakhala chikamwini. Angamange nyumba ya malata ndi thukuta lake la kuesiteti, koma malowo ndi a mbumba ya mkazi wake, ndipo woyang'anira ndi mwinimbumba, amene kawirikawiri amakhala mlongo wa mayiwo kapena amalume awo. Mukasainirana ndi bambo okha, mwagula njerwa ndi malata. Tsiku lina kudzatulukira achemwali a mayi aja kuchokera ku Bangwe n'kufunsa kuti malo a amayi awo anagulitsa ndani, ndipo kubwalo adzawamvera iwowo. Ndiye pa tsiku loyenda m'malire ndimafuna ndione mayi a pakhomopo, mwinimbumba, abale achikazi amene angapezeke, eni malo oyandikana mbali zonse, ndi a nyakwawa. Timayenda ndi miyendo ngodya ndi ngodya, tepi ili m'manja, n'kulemba mamita a mbali iliyonse. Malire akuti "kulekezera pa mtengo wa mango uwo" amatha tsiku limene mtengowo wadulidwa. Pa ngodya iliyonse pazikidwe chitsulo ndi konkire onse akuona.

Kalata ya a mfumu, yodindidwa ndi a gulupu, ndi yofunika, koma si mapeto. Malamulo a malo a 2016, amene anakonzedwanso mu 2022, anabweretsa makomiti a malo m'midzi ndi njira yolembetsera malo a makolo. Musanatulutse ndalama, pitani kwa a za malo ku ofesi ya DC mukafunse ngati malo amenewo akuloledwa kusintha manja, ndi njira yake. Safunsa anadya phula.

Ngati mwini nyumba anamwalira, chenjerani kawiri. Lamulo la chuma cha masiye la 2011 limateteza mkazi kapena mwamuna wotsala pamodzi ndi ana onse, kuphatikizapo a kwa mayi ena. Mwana woyamba kubadwa alibe mphamvu yogulitsa payekha. Funsani kalata ya kukhoti yomupatsa udindo woyendetsa chumacho, ndipo ana onse akuluakulu asaine.

Nyumba za pa boma ndi za ku Luchenza zina zili ndi lizi, chikalata cha boma chobwereketsa malo kwa zaka zakuti. Apa ambiri amasokoneza kalata yongokulonjezani malo ndi lizi yeniyeni. Onani dzina ngati likufanana ndi la pa chiphaso cha unzika cha wogulitsa, zaka zotsala (ya nyumba zokhalamo nthawi zambiri imakhala ya zaka 99), ndi malisiti a msonkho wa malo. Kafufuzeni ku Unduna wa za Malo, kuyambira ku ofesi yawo ya ku Blantyre, ngati nyumbayo sinaikidwe chikole ku banki. Kusintha dzina kumafuna chilolezo cha boma, chikalata cha MRA chotsimikiza kuti misonkho ili bwino, ndi msonkho wa sitampa. Apa loya musamuumire. Mabikoni, zizindikiro za malire zozikidwa m'ngodya, afukulidwe muwaone ndi maso, agwirizane ndi mapu a saveya, chifukwa mipanda yambiri inamangidwa molowerera kwa eni.

Pali malo ena oti ngakhale onse asaine, si a wogulitsayo. M'mbali mwa msewu waukulu wa M2, wochokera ku Limbe kudzera ku Thyolo ndi Luchenza mpaka pa Muloza, mamita 30 kuchokera pakati pa msewu mbali iliyonse ndi malo a msewu. Khonde la golosale likalowa mmenemo, tsiku lokulitsa msewu mudzaligwetsa nokha. Chimodzimodzi m'malire a maesiteti, ndi m'munsi mwa phiri la Mulanje, kumene nkhalango yake ndi yotetezedwa kuyambira 1927.

Tsopano za madzi, zimene Freddy anatiphunzitsa ndi maliro. Nyumba ya m'tsinde mwa phiri kapena pafupi ndi Likhubula, Lichenya, Ruo ndi Thuchila sindiyamba kuiona m'kati. Ndimayamba ndazungulira kumtunda kwake. Miyala ikuluikulu yobulungira imene yangoti mbwee pakati pa munda sinamere pamenepo, inabwera ndi madzi, ndipo njira imene madzi anadzera amaikumbukira. Kakhwawa kouma kamene ana akusewereramo mu Okutobala n'kamene kamadzaza mu Malichi. Ndimafunanso agogo okhalitsa m'mudzimo, n'kuwafunsa mwaulemu kuti napolo anadzera pati m'masiku awo, chifukwa wa ku Phalombe wa 1991 ambiri akumukumbukira bwino. Wogulitsa sangakuuzeni zimenezi, koma agogo amakulozerani ndi ndodo.

Pa khoma, penti yatsopano ya m'munsi mokhamokha, kulekezera m'mawondo kapena m'chiuno, imandiimitsa. Ndimasuntha kabati n'kuona kuseri kwake, kumene openta safikako. Mzere wa matope ukakhalapo umaoneka. Pulasitala ndimaigogoda ndi chala chopinda: ikamalira ngati ng'oma, yalekana ndi njerwa. Ndi msomali wa mainchesi 4 ndimakanda pakati pa njerwa pamalo posapulasitala. Ukalowa mosavuta, fumbi lofiira n'kumayoyoka, nyumbayo anamangira dothi, ndipo zambiri zimene zinagwa ndi mvula ija zinali zotere: njerwa zinali bwino, koma dothi la pakati linanyowa masiku angapo n'kusungunuka. Ndimafukula pang'ono m'mbali mwa maziko kuti ndione pepala lakuda lotchinga chinyezi. Likasowa, khoma limamwa madzi a pansi chaka ndi chaka, penti n'kumatupa. Timing'alu tonga tsitsi ta pa pulasitala si kanthu. Woopsa ndi wotsata mizere ya njerwa mokwera ngati masitepe, wotakasuka kumwamba, woti ndalama yachitsulo n'kulowamo. Umenewo ukunena za maziko, ndipo kuumata ndi simenti n'kungoubisa. Pamwamba pa mawindo ndimafunapo lamba wa konkire wozungulira nyumba yonse, osati tizidutswa ta pa zitseko pokha.

Kudenga ndimakwera ndi tochi ndi sikuludiraiva. Mtengo umaoneka wabwinobwino kunja, koma ukaubaya chitsulo n'kungoti phwee, chiswe chinamaliza kale m'kati. Ndimaonanso ngati denga linamangiriridwa ku khoma ndi waya kapena zitsulo, poti longokhazika limanyamuka ndi mphepo lonse lathunthu. Malata a geji 28 ndi okhuthala kuposa a 30 ndi 32; nambala ikamakwera lata likupyapyala, ndipo ndi mvula ya ku Mulanje lopyapyala limachita dzimbiri msanga m'mabowo a misomali. Chimbudzi chokumba chitalikirane ndi chitsime mamita osachepera 30, ndipo chikhale kumunsi kwake. Ngati mungathe kudikira, nyumba kaioneni mu Januwale mvula ili mkati. Mu Seputembala nyumba iliyonse sidontha.

Tsiku lolipira, ndalama idutse ku banki, ku akaunti ya dzina la mwini wake weniweni, osati ya dobadoba amene wakulozerani nyumbayo. Za iyeyo mugwirizane poyambirira, ndalama zingati ndipo alipira ndani, chifukwa ena amadya mbali zonse ziwiri, n'kuikanso yawo pamwamba pa mtengo. Pa pepala la mgwirizano palembedwe maina ndi manambala a ziphaso za unzika, miyezo ya malo, mtengo m'manambala ndi m'mawu, ndi zonse zotsala m'nyumbamo, mpaka thanki ya madzi, giza ndi zitseko za m'kati, poti zimenezi zimakonda kuchoka usiku wosamuka. Mboni zikhale za mbali zonse, aliyense atenge pepala lake. Nambala ya mita ya ESCOM muifufuze ngati ilibe ngongole imene imadulidwa pogula mayunitsi, bilu ya Southern Region Water Board muione yomaliza, ndipo ngati muli alendi, auzidwe mwa kalata pamaso panu tsiku lotuluka kapena kumene azilipira kuyambira mwezi wa mawa.

Kwa inu a ku Joni, munthu woyendera nyumba asakhale yemweyo amene wakupezerani nyumbayo, ndipo zithunzi za pa WhatsApp musakhutire nazo. Muuzeni akuimbireni pa vidiyo ali pamalopo, ayende nanu m'malire monse, akuonetseni kumtunda kwa nyumba ndi kuseri kwa kabati, kenako apereke foni kwa mayi a pakhomopo ndi kwa a nyakwawa mulankhule nawo nokha.

Gawo lotsatira tidzalowa mu 2024, ndi nkhani ya mapuloti opanda nyumba amene anthu anayamba kuthamangira atathawa m'mbali mwa mitsinje.