Chikope chinayamba, diso n'kutsatira pambuyo

Mutu unandiwawa masiku anayi kuseri kwa diso lamanzere, ine n'kumangomwa Panado ndi kupita kuntchito ku Randburg, kuno ku Joni. Tsiku lachisanu podzuka, chikope chagwa, osatukuka ayi. Alamu anga anachikweza ndi chala n'kunena kuti, "Alamu, diso lanu lathawira kumbali, kamwana kake kakula. Valani tizipita."

Kuchipatala anandijambula m'mutu, ndipo sikaniyo inaonetsa kuti mtsempha wina wa magazi pansi pa ubongo watupa ngati kabaluni. Madokotala amati aneurysm. Kotupako kankapanikiza mtsempha umene umakweza chikope, kuyendetsa diso ndi kuchepetsa kamwana ka m'diso, womwe iwo amautcha third nerve. Anandiuza poyera kuti kakaphulika ndikhoza kufa, choncho nkhani sinali ya diso kwenikweni. Njira zilipo ziwiri: kudzera mu mtsempha wa m'mphechepeche n'kutseka kotupako ndi tiwaya, kapena kutsegula mutu n'kupanapo kachitsulo ka titanium. Ine anandipana.

Ndinatsitsimuka ndikuganiza kuti diso ndilipeza lotseguka. Ayi ndithu. Adokotala anati mtsempha wopanikizika umachira mwa miyezi, ena mpaka chaka, ndipo ena sachira kwathunthu. Mayi ku Ntcheu ankafuna chithunzi pa WhatsApp Lamlungu lililonse. Zinkandikwiyitsa, koma zithunzi zomwezo ndi zimene zinandionetsa kuti pa sabata ya 7 kampata kayamba kuoneka.

Apa ndiye panali mavuto enieni. Chikope chikakhala chotseka umaona ndi diso limodzi, zinthu zili bwinobwino. Chitangotukuka, zonse zinakhala ziwiriziwiri. Tiyi ndinkathira pambali pa kapu. Pa renki ya Bree ndinaponda m'malere pokwera taxi, poti masitepe ndinkawaona awiri. Ndinathamangira kwa a maso ndili ndi mantha kuti matenda abwerera, iwo n'kuti chikope nthawi zambiri ndicho chimayamba kuchira, diso limabwera pambuyo. Anandimata tepi pa galasi limodzi la magalasi anga, n'kundiletsa kuyendetsa galimoto. Kwa munthu wodyera chiwongolero ku Joni kuno, renti ikudikira, amenewo si mawu ang'ono. Abwana anandisinthira ku sitolo, mwayi umene ambiri sangaupeze.

Mwezi wachisanu ndinayamba kuona chinthu chimodzi ndikayang'ana kutsogolo. Kuyang'ana kumwamba kumavutabe. Chinanso chodabwitsa, ndikayang'ana pansi chikope chimadzikweza chokha, akuti mtsempha pophuka umatha kusokoneza njira. Za opaleshoni yowongola diso anati tidikire kaye diso lisiye kusintha.

Fodya ndinasiyira pa bedi la chipatala, mapilitsi a BP sindiphonya. Sikani ina ili mwezi wamawa, ndipo alamu anena kale kuti tipitira limodzi.