Maple kapena zoyanga, nkhani ya khoma la pa yadi pathu

Yadi zambiri za kuno ku Lusaka vuto lake ndi limodzi, khoma la mabuloko lija. Kaya ndi ku Chalala, kaya Libala kaya Chelstone, munthu ukangomanga nyumba umazunguliza mpanda wotuwa, nde ikafika Okutobala khomalo limamwa dzuwa tsiku lonse moti ngakhale usiku ukaligwira umapeza likadali lofunda, mphepo yolowa pa windo nayo yotentha. Nde ine pofuna chobzala pa yadi sindinayambire pa kukongola ayi, ndinayambira pa khomalo.

Alamu anga ndi amene anabweretsa nkhani ya maple. Anandionetsa zithunzi pa foni, kamtengo kofiira psuu pambali pa kadziwe, amvekere "alamu bzalani uwu pakona apo, yadi yonse isintha." Ndipo sindikana, mtengo uja ndi wokongola zedi. Umene anthu ambiri amauona pa Facebook ndi Japanese maple, kwawo ndi ku Japan, Korea ndi China, masamba ake opyapyala ogawikana ngati zala za dzanja, ena 5 ena 7, ndipo siukula kwambiri moti ukhoza kukwana pa yadi yaing'ono. Ndinaulakalaka ndithu.

Koma kufiira kuja sikubwera chabe. Kwawoko masiku akayamba kufupika, usiku n'kumazizira kwambiri, mtengo umasiya kupanga zobiriwira za m'masamba nde mtundu wofiira ndi wachikasu umaonekera, kenako masamba onse amayoyoka mtengo n'kugona nyengo yonse yachisanu. Tulo timeneto umatifuna kuti chaka chinacho uphuke bwino. Manje ife kuno tili pa mtunda wa mamita pafupifupi 1,280, Juni ndi Julayi kumazizira inde mpaka timavala majuzi awiri, koma madzi kuuma kukhala ayezi sizichitikachitika, ndipo kuzizira kukangotha kumabwera mphepo youma ya Ogasiti yafumbi ija, kenako dzuwa la Seputembala ndi Okutobala lopitirira madigiri 30, mvula osagwa kuyambira cha mu Epulo mpaka Novembala. Tsamba lopyapyala la maple pa dzuwa limenelo limapsa m'mbali, kuuma n'kupiringizika, nde m'malo mwa kufiira kwa pa chithunzi umangoona zofiirira zopserera. Ku Johannesburg mtengowu umachitako bwino chifukwa kuja n'kokwera kuposa kuno ndipo chisanu chimagwa chenicheni.

Palinso nkhani ya madzi imene anthu saiganizira. Mbali yaikulu ya Lusaka inakhala pa miyala ya laimu, n'chifukwa chake ketulo imachita zoyera zija mkati ukamaphikira madzi a bohole. Maple amakonda nthaka yowawasirako pang'ono, nde ukamamuthirira madzi a laimu tsiku ndi tsiku masamba amayamba chikasu mitsempha yokha kutsala yobiriwira, ndipo ungathire feteleza bwanji sizisintha kwenikweni. Maple wina uja amene tsamba lake lili pa mbendera ya Canada nde tisakambe n'komwe, ndi chimtengo chopitirira mamita 20 ndipo timadzi take totsekemera timayenda pokhapokha usiku kukuundana masana n'kumasungunuka, malita pafupifupi 40 kuti upeze lita imodzi ya manyuchi ake. Zimenezo si za kuno.

Sindikunena kuti n'zosatheka. Munthu woti mtima wake uli pomwepo akhoza kuika Japanese maple mu chidebe chachikulu, pamalo poti dzuwa lam'mawa lokha ndi limene likufika, kumathirira madzi a mvula osungidwa mu dramu, kuphimbira nthaka ndi masamba ouma. Amakula pang'onopang'ono kwambiri ndipo pamafunika diso tsiku lililonse. Koma ngakhale atachita bwino, khoma langa lija lidzakhalabe lamaliseche likutentha.

Nde ndinasankha zoyanga, ndipo kumbuyo kwa nyumba ndinabzala granadilla. Ameneyu kwawo ndi ku South America, mbali za ku Brazil, kotentha, nde dzuwa lathuli salidabwa. Ndinakumba dzenje lofika m'mawondo, kusakaniza dothi ndi manyowa a nkhuku owolerana bwino, osati aiwisi chifukwa amawotcha mizu, kenako kukoka mawaya m'mizere pa khoma. Apa mvetserani, waya asagunde khoma, pasiyeni mpata woti dzanja lilowe, apo ayi timphukira timapsa ndi mabuloko otentha aja. Mbewuyo ikamakwera ndimasiya tsinde limodzi mpaka lifike pa waya wapamwamba, nde ndimatsina kumutu kuti ligawikane kumanja ndi kumanzere, nthambi zinazo zimangolendewera pansi ndipo zipatso zimabwera pa nthambi zatsopanozo. Timanja take topota tija timagwira waya tokha, madzulo umaona kakufunafuna mumlengalenga m'mawa wapeza kazunguliza kale katatu.

Duwa lake ndimatha kuliyang'ana nthawi yaitali, loyera ndi timaulusi tapepo kuzungulira pakati, limakhala tsiku limodzi basi. Zinjuchi zikuluzikulu zakuda zoboola mitengo zija ndi zimene zimagwira ntchito yabwino pa maluwawa, nde musazithamangitse kapena kupopera mankhwala nthawi ya maluwa. Chisanathe chaka kapena kupitirirako pang'ono umayamba kutola zipatso, ndipo sizifuna kuthyola, zikapsa zimagwa zokha, ana amangodzuka kukatola pansi. Lokwinyika khungu ndi limene limatsekemera kwambiri. Chipinda chimene chili moyang'anana ndi khoma limenelo chinasintha, masana kulibenso kuwala kobaya m'maso kuja ndipo usiku kumagoneka.

Koma granadilla sakhalitsa, zaka 3 kapena 5 amayamba kufooka, masamba kupiringizika ndi matenda, zipatso kuuma gwa mkati mopanda madzi, nde uyenera kukhala ndi mbande zina pambali ndipo pobzalanso usabwereze dzenje lomwelo. Madzi naye amafuna, makamaka Seputembala ndi Okutobala, mizu yake ili pamwamba.

Kutsogolo ku geti ndinaika golden shower, uja wa maluwa a olenji amene amadzaza mipanda nthawi yozizira pamene zina zonse zauma, naye ndi wa ku Brazil ndipo amagwira ndi kanthambi chabe kopempha kwa aneba. Bougainvillea ndiye wosavuta kuposa onse, ukamuthirira kwambiri amangochita masamba, ukamumana madzi ndi pamene amaphulika maluwa, kungoti minga yake pa yadi ya ana aang'ono ine ndinaopa.

Zoyanga zili ndi mavuto ake, ndisakunamizeni. Zimalemera, nde ngati khoma ndi la mabuloko opyapyala opanda zipilala zokwanira, mvula ikanyowetsa chimulu chonse chija mphepo n'kubwera, likhoza kupendama. Zikafika pa waya wamagetsi wa pamwamba pa mpanda alamu imangolira usiku wonse. Ukazisiya zithithikane makoswe amamanga momwemo, ndipo pomwe pali makoswe njoka sizichedwa, nde kudulira ndi ntchito ya mwezi ndi mwezi, pansi pazikhala poyera poti ukuona bwino. Zimadumphiranso kwa aneba. Ine ndinachita kupita kukakamba nawo zisanafike, ndinati "amayi, zikagwera mbali yanu ndi zanu, zikakusowetsani mtendere mundiuze ndidzadule," iwo anangoseka amvekere "zisiyeni mwanangu, adzukulu azidya." Ndipo pali imodzi imene ndikukupemphani musabzale ngakhale akupatseni yaulere, cat's claw, ya maluwa achikasu yokhala ndi tizikhadabo titatu togwirira khoma. Imachita zimbatata pansi zoti ungadule bwanji imaphukanso, imakwera mitengo mpaka kuitsamwitsa.

Kwa amene muli pa lendi nde palibe n'kukambirana komwe. Mtengo wochedwa kukula mthunzi wake adzakhalapo ndi wina, pamene granadilla mudzadya nokha, kungopempha alandilodi kaye musanakhome misomali pa khoma lawo.

Chimene choyanga sichingakupatse pachokha ndi mthunzi wokhala pansi pakati pa yadi, pokhapokha uchimangire chisakasa cha mapolo kapena zitsulo. Pamenepo mtengo umafunika ndithu, koma ine ndingasankhe mango kapena kotapeya amene amadziwa kale nyengo yathu. Ndipo amene mtima wanu uli pa masamba ofiira, dikirani kumapeto kwa Ogasiti kulowa Seputembala mudutse msewu wa Leopards Hill kupitirira manyumba, kapena Great East Road kulowera ku Chongwe, muone mitengo ya miombo. Yathuyi imafiira pophuka, masamba atsopano anthete ofiira ena ngati pinki ena akuda pang'ono, mvula isanagwe n'komwe, pakapita masabata ochepa n'kusanduka obiriwira. Mitengo imeneyi imakula mochedwa kwambiri ndipo kuizula kukaibzala pena kawirikawiri siigwira, nde zimandiwawa ndikaona munthu wagula puloti ili ndi miombo yake kale, tsiku loyamba n'kuitanitsa anyamata a nkhwangwa kugwetsa yonse kuotcha makala, kenako n'kumayendayenda m'manazale a m'mbali mwa msewu kufunsa mitengo yakunja. Ngati puloti yanu ili nayo, muuzeni womanga asiye ngakhale iwiri kutali pang'ono ndi maziko, ndipo asaunjike mchenga kapena kusakanizira simenti pa mizu yake.