Mtovu wa asodzi ndimaufinya, sindiusungunula

Ntchito yanga ndi yowotcherera zitsulo kuno ku Mangochi boma, chakufupi ndi mlatho wa Bakili Muluzi, ndipo ambiri obwera pashedi panga ndi asodzi. Wina nangula wathyoka, wina pomangirira injini ya boti pang'ambika. Koma chomwe chandigwira mtima chaka chino ndi kanthu kakang'ono: mtovu womwe amamangirira pachingwe cha mbedza kapena kunsi kwa ukonde kuti umire.

Njira yomwe tonse tinakula tikuiona ndi yosungunula. Munthu amaswa batire yakutha ya galimoto, kuika mtovu m'chitini pambaula, kenako kuthira m'timaenje ta mumchenga. Mtovu suvuta, umasungunuka pa madigiri 327 basi, moti makala amakwanitsa. Koma taonani zotulukamo. Wina wonenepa, wina woonda, wina uli ndi mphako mkati momwe munatsekeredwa mpweya. Mukamangirira paukonde, mbali ina imamira msanga pamene ina ikadali m'mwamba.

Nzeru yomwe ndikugwiritsa ntchito panopa ndinaitengera kwa anthu opanga zipolopolo m'makomo mwawo ku America. M'chaka cha 1943, nkhondo yachiwiri ya dziko lonse ili mkati ndipo alenje akusowa zipolopolo m'masitolo, bambo wina dzina lake Fred Huntington wa ku Oroville, California, anayamba kusula zikombole zachitsulo zoumbira zipolopolo. Kampani yake yopanga zida zotere, yotchedwa RCBS, inayambira pamenepo. Chomwe chinandidabwitsa n'chakuti m'zikombole zimenezi mtovu sauthira wamadzimadzi ayi. Amaufinya uli wozizira mpaka utadzaza malo onse, ndipo njirayi amaitchula kuti swaging. Anthu a mipikisano yowombera chandamale amaikonda chifukwa amafuna kuti zipolopolo zisanu zidutse pabowo limodzi pamtunda wa mayadi 100, ndipo kulemera kwake amayeza ndi muyeso wa grain, womwe 15 yake sikwana n'komwe galamu imodzi.

Ndinene mosabisa: zipolopolo si ntchito yanga ndipo sindingaiyerekeze. Kuno kupanga kapena kusunga zipolopolo popanda chilolezo ndi mlandu waukulu, ndipo ife oyandikana ndi Liwonde tikudziwa momwe opha nyama mozemba anasakazira nkhalango ija bungwe losamalira nyama zakutchire la African Parks lisanayambe kuiyang'anira mu 2015. Wobwera pashedi panga ndi nkhani ya gogodera amabwerera pachipata. Ine ndinangotolapo mfundo imodzi, yoti chitsulo chofewa chikafinyidwa m'chikombole chimodzi chimatuluka chofanana nthawi zonse.

Chikombole changa ndinachisemetsa kuchokera ku chidutswa cha shafiti yakale ya galimoto. Pakati pali dzenje losalala, kunsi kwake kuli kamsomali koima kosiya njira ya chingwe, ndipo m'mbali muli kabowo kakang'ono zedi. Kabowo kameneka ndiye mwini nkhani. Ndimadula mtovu ndi tchizulo, wopitirira pang'ono kulemera komwe ndikufuna, kuupaka timafuta, kuuika m'dzenjemo, n'kukankha ndi jeke wa galimoto yemwe ndinamumangira mufelemu yachitsulo. Poyamba jeke amayenda mopepuka. Kenako amalimba m'manja, ndipo mukapopa kawiri katatu mumaona mtovu wotsala ukutuluka pakabowo paja ngati nyongolotsi yonyezimira. Ukasiya kutuluka, basi zatheka. Mukaugwira mtovu wotuluka m'chikombolemo umakhala wofunda, wosalala, wopanda mphako. Ndikayeza pa kasikelo kamanambala, ya magalamu 30 imakhaladi 30, ina ndi inzake osasiyana zoti munthu n'kudandaula.

Vuto lili pa mtovu weniweniwo. Umafunika wofewa, woti chikhadabo chizisiya mzere. Wa m'mabatire ndi wolemeretsera matayala nthawi zambiri amausakaniza ndi chitsulo china chotchedwa antimony kuti ulimbe, ndipo wotere umakana kuyenda, ungathe kung'amba chikombole. Zolemeretsera matayala zina za masiku ano si mtovu n'komwe, ndi zinki kapena chitsulo wamba. Ine ndimasaka mapaipi akale amtovu kwa ogulitsa zitsulo zakutha, ngakhale sapezeka kawirikawiri.

Mkulu wina wa ku Malombe ataona zonsezi anapukusa mutu. "Mwanawe, ife tavuula chambo zaka zonsezi ndi miyala yomangirira ndi luzi. Zamasikelozi n'zachiyani?"

"Zoona bambo," ndinawayankha, "koma adzukulu anu akusungunula mabatire pambaula yomwe amayi akuphikirapo nsima. Chimenecho ndiye chikundipweteka."

Ndipo chimandipwetekadi. Bungwe la World Health Organization limanena kuti palibe mlingo wa mtovu m'thupi womwe tinganene kuti ndi wosaopsa. Umawononga ubongo wa ana, mwana n'kumavutika m'kalasi makolo osadziwa chifukwa chake. Utsi wa pachitini, fumbi la m'batire, phulusa lotayidwa kuseri kwa nyumba komwe ana amasewera, zonsezi zimalowa m'thupi mwakachetechete. Kufinya kulibe utsi. Komabe manja amada, choncho ndimasamba ndi sopo ndisanagwire chakudya, zodukaduka ndimazisunga m'chitini chotseka, ndipo anyamata omwe amapanikiza mtovu pachingwe ndi mano ndimawaletsa nthawi zonse.

Chatsala n'chakuti mtovu wodukira m'nyanja suola. Ku Britain analetsa timitovu ting'onoting'ono ta asodzi mu 1987 chifukwa mbalame za m'madzi zotchedwa swan zinkatimeza n'kumafa. Ifenso tili ndi abakha a m'madzi ndi nkhwazi pa Shire ndi pa Malombe. N'chifukwa chake a mbedza zing'onozing'ono ndimawapatsa manati achitsulo, omwe ndili nawo ambiri pansi pa benchi, ndipo chikombole ndimachisungira zolemera zikuluzikulu zomwe mbalame singameze.